Munda Umene Mayi Fainess Anakana Kutentha

Mayi Fainess Jere amakhala ku Chiparamba, kumunsi kwa msewu wopita kusukulu. Kwawo ndi ku Chipangali, koma anakwatiwa kuno ali mtsikana. Amuna awo, bambo Yohane, atamwalira, anawasiyira ana anayi ndi munda umodzi wa nthaka yoguga. Mumpingo mwathu amakhala pabenchi lakumbuyo, ndipo nyimbo amaimba motsalira pang'ono. Palibe ankadziwa kuti mwa munthu wofatsa chotere muli mtima wosagwedezeka.

M'chaka chachiwiri cha umasiye wawo anakana kutentha mapesi. Kwathu kuno, mwezi wa Okutobala ukafika, munthu amasosa m'munda, kuunjika mapesi ndi kuwatentha, kuti mvula ipeze munda woyera. Moto womwewo umaonetsa mauna a mbewa, anthu n'kukumba ndiwo. Koma mayi Fainess anayala mapesi pansi ngati mphasa, nayamba kukumba maenje ang'onoang'ono m'mizere, dzuwa likuswa mtengo. M'dzenje lililonse ankathiramo manyowa a mbuzi odzaza manja awiri. Ankati ulimi umenewu anauona kwa mng'ono wawo, amene chimanga chake sichinafote chaka cha ng'amba.

Bambo Alfonsi, akulu awo a malemu, sanakondwere nazo. Ankanena kuti munda wosasosa ndi wa munthu waulesi, umaitana chiswe, ndipo unkanyozetsa dzina la a Jere. Ananenetsa kuti ngati mapesiwo sapsa sabata imeneyo, mundawo adzaulima okha ndi ng'ombe zawo, ndipo mayiwo aone njira ya ku Chipangali. Anandipempha ine, monga mkulu wa mpingo, kuti ndikawadzudzule mayiwo, popeza Malemba nawonso sayamikira ulesi. Ndinapitadi. Nditaona matuza m'manja mwawo ndi maenje osawerengeka aja, ndinangopempherera mundawo n'kubwerera.

Loweruka masana bambo Alfonsi anafika ndi machesi. Anawapeza mayi Fainess pakati pa munda, khasu lili m'manja.

“Alamu, patukani, ndiyeretse munda wa mng'ono wanga.”

Mayiwo anaika khasu pansi, nakhala pamapesi, natambasula miyendo.

“Yatsani, alamu, koma muyambire pano ndakhalapa. Mng'ono wanu anatentha munda uno zaka makumi awiri, ndipo chaka chilichonse nkhokwe inkatha Khirisimasi isanafike. Phulusa ana ake adya lokwanira.”

Bambo Alfonsi anati mayiwo akuweta mbewa za mudzi wonse.

“Zikanenepa ndidzakuitanani,” anayankha osakweza mawu.

Amayi ochokera kumjigo anaima m'mbali mwa munda, zidebe zili pamutu. Bamboyo anayang'ana machesi, nayang'ana mkazi wamasiye wa mbale wawo ali pamapesi ouma. Yehova, amene sagonera mlandu wa amasiye, anagwira dzanja lija. Bambo Alfonsi anabweza machesi m'thumba, nanena kuti chimanga chikakanika, nkhaniyo idzakhala yatha, mundawo adzautenga. Mayi Fainess anati iwo sakulonjeza kanthu, pakuti munda ndi wa ana a Yohane, ndipo anatolanso khasu.

Mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa Novembala. M'mawa mwake mayi Fainess anadzala chimanga, ndi maungu apo ndi apo, anzawo akudikirabe ng'ombe zolimira. Sizinayende bwino zonse. Mbewa zinafukuladi mizere isanu, ndipo anadzalanso anthu akuseka. Koma mu Januwale mvula inadula masabata atatu. M'minda yoyera ija chimanga chinapinda masamba, pamene pansi pa mapesi a mayi Fainess dothi linali lonyowa ndithu. Chiswe chinadya mapesi, n'kusiya chimanga chili chilili. Ngakhale m'nyumba ya bambo Alfonsi anadya chibwabwa, masamba a maungu a m'munda umenewo, koma akazi awo sanawauze kumene chinachokera.

Bambo Alfonsi sanapepese, ndipo munda wawo amautenthabe mpaka lero. Koma za njira ya ku Chipangali sanazitchulenso. Atatha kukolola, mayi Fainess anatuma mawu akuti mbewa zija zanenepa, alamu abwere adzakumbe, koma machesi awasiye kunyumba. Anabwera ndi khasu lokha.