Galimoto ya Kuseri kwa Mpanda wa Bango

Ayi achimwene, sikuti ndadana nawo akamwiniwo. Lemba choncho pafonipo iwe mdzukulu wanga, usakongoletse. Mwafunsa kuti bwanji ndikumukaniza mwana kutsatira mwamuna wake kunyanja pomwe ukwati munaumanga ndinu ankhoswe. Ndikuyankhani zonse, chifukwa ine ndinakafikako ndi miyendo yangayi, inu mwangomva za pafoni.

Mukudziwa kuti mwanayu ndi woyembekezera, mimba yoyamba. Kusikelo anamuuza kuti magazi akuthamanga, mapazi akutupa, asamakhale kutali ndi chipatala. Kuno ku Bangwe zikavuta ungotuluka pamsewu, minibasi siisowa. Ikasowa, aneba athu ali ndi kagalimoto koperekera buledi m'maokala, sangatikane.

Akamwiniwo paja ankayendetsa minibasi ya ku Limbe. Atasiya, tinangomva kuti apeza ntchito ya thiransipoti pa loji ina ya alendo cha ku Mangochi. Ine kumva thiransipoti ndinati basi, ndi galimoto, munthu wabwerera pa chiwongolero. Ndiye atayamba zoti mkazi wawo abwere, ndinati ndikaone kaye pogona mwana. Iwo anavomera msangamsanga, mpaka ine ndinadabwa.

Basi inanditula paboma, kenako ndinakwera kaminibasi kena kamene kanandisiya pamphambano, pamtengo waukulu. Dzuwa la kumeneko silili ngati lathu lino, limachita kukukhala pamutu. Ndikuona akamwini aima poteropo, malaya obiriwira a yunifomu, agwira njinga. Anagwada patali bwinobwino, ulemu ali nawo, zimenezo sindingawanamizire.

"Mwayenda bwanji amayi?"

"Ndayenda bwino bambo. Galimoto mwaimika kuti?"

"Kuno magalimoto salowa amayi. Ndi lamulo la pamalo. Akuti utsi umawononga chilengedwe, phokoso limathamangitsa mbalame."

"Nanga thiransipoti ija?"

Anangosisita chishalo cha njinga. "Ndi imeneyi amayi. Ndimakwezapo alendo, ena ndimawatsogolera akupalasa okha."

Pakaliyala anali atamangapo kakhushoni kabwino ndithu. Koma achimwene, inu ndinu munthu wamkulu, tandiuzani. Ine ndikhale pamenepo, mawondo anga akugunda msana wa mkamwini? Njinga ikapendama pamchenga ndimugwire m'chiuno? Munthu amene chikwatirireni mwana wanga sindinakhalepo naye mphasa imodzi? Ndinangowayang'ana, iwonso anangoyang'ana pansi. Anali atazolowera kukweza azimayi achizungu, mpaka kuiwala kuti lero akubwera ndi apongozi. Anayesa kuimbira mnzawo kuti adzanditenge, mnzawoyo anali atapita ndi alendo kuphiri.

Iwe ukusekanji? Lemba. Tsiku lina udzakhala ndi mkamwini nawenso, ngati alipo amene adzapirire pakamwa pakopo.

Ndiye tinayenda pansi. Chikwama changa ndi chomwe chinakhala pakhushoni ngati bwana, akamwini akukankha njinga kutsogolo, ine pambuyo ndi ambulera. Mchenga ukulowa m'nsapato, wotentha ngati phulusa la pambaula. Tili m'njira anatipeza azungu angapo pa njinga, avala zipewa zolimba zija. Mayi mmodzi anaima, kundiombera m'manja, kuyankhula zambirimbiri akumwetulira.

"Akuti chiyani bambo?"

"Akuti mwachita bwino kusankha kuyenda pansi, dziko likukuthokozani."

"Auzeni kuti dzikolo lindithokoze ndi madzi."

Sindikudziwa kuti anamasulira bwanji, koma mayi uja anandipatsa madzi m'botolo lachitsulo, ozizira bwino. Munthu wabwino, ndilibe naye chifukwa. Koma ndikumwa madziwo maso anga anali pansi, ndipo pamchengapo panali mizere iwiri ya matayala aakulu, yatsopano, yokhotera kanjira kena ka m'tchire.

"Bambo, njinga yanji ya mapazi otere?"

"Ndi ngolo imeneyo amayi."

"Ng'ombe zake zimauluka? Zapondapo pati?"

Anangowonjezera liwiro. Ine mtima unayambira pamenepo kukayika.

Malowo ndi okongola, ndisaname. Kosesedwa, mitengo yosadula, mbalame zilipodi zambiri. Koma pageti anandilanda jumbo yomwe ndinaikamo mbatata, akuti pulasitiki salowa, anandipatsa kadengu. Nyumba za alendo zofolera udzu. Chimbudzi chopanda madzi, ukatha umathira utuchi. Magetsi a sola. Pamadzi mabwato opalasa ndi manja, a injini akuti amaopseza nsomba. Ndinati ha, zonse zimene ife takhala moyo wonse tikuzithawa, udzu, chimbudzi chokumba, kuyenda pansi, kuno anthu amachita kuzibwerera pandege. Ndinawafunsa akamwini kuti kodi ndegeyo ilibe utsi? Anati zimenezo sanawauze pophunzira ntchito.

Nyumba za antchito zili kumbuyo, kapatali. Ya akamwini ndi kachipinda kamodzi, koyera bwino. Pakhomo ndinapeza mtondo watsopano ndi misi iwiri, wopanda ngakhale kagaga m'kati. Ndinati mwamuna wokhala yekha mtondo ngwachiyani? Akuti alendo akamayenda pansi kuzungulira mudzi amadutsa pamenepo, amakonda kuyesa kusinja ndi kujambula. Ndinangoti oo. Mwana wanga wobadwira m'tauni, wodziwa chigayo basi, ndi mimba yake ija, azikaima pamtondo kuti anthu ajambule? Sananene choncho iwo, koma mtondo sugulidwa kuti uziyang'ana kumwamba.

Ndinagona kwa mayi wina wochapa nsalu za pa loji, poti m'chipinda cha mkamwini sindikanalowa. Mayi wansangala, Chichewa chake chopendekera ku Chiyao. M'mawa ndinamutsatira koyanika nsalu, ndimuthandize kufinya mashiti. Tili pomwepo ndikumva chinthu chikulira pansipansi, ngati njuchi zili m'mphako. Kutsogolo kwathu kunali mpanda wa bango, wautali kuposa mipanda ina yonse ya pamalopo. Ndinasuzumira pomwe bango linatseguka.

Achimwene, galimoto. Pikiapu yoyera, aifunditsa lona, matayala ake omwe aja. Pambali pake jenereta ili m'dzenje, aitchinga ndi matumba a mchenga kuti isamveke.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Imeneyo sitiiona, amama."

"Simuiona bwanji ili apa?"

"Alendo akakhalapo sitiiona," akuseka. "Masutikesi awo mukuganiza amabwera pamutu pa ndani? Iwo akamapalasa kutsogoloku, katundu amadzera njira yakumbuyo. Mowa wawo wozizira uja, ndi jenereta imeneyo. Sola imatopa."

Ine zoti anthu akunamizana okhaokha sizinandikhudze kwenikweni. Wolemera akafuna kutuluka thukuta, atuluke. Mwinanso mtima unatsikako pang'ono, ndinati kani galimoto ilipo, mwana zikamuvuta adzathamangira nayo. Ndiye ndinafunsa kuti kiyi amasunga ndani. Akuti amanejala. Amanejala amagona kuti? Kuboma, kuli banja lawo, amabwera m'mawa pa njinga yamoto n'kuisiya pamphambano. Kiyi amayenda nayo m'thumba.

"Nanga inu ana anu munachirira kuti?"

Anayamba wafinya shiti, kenako anandiuza za mwana wake wotsiriza. Matenda anamuyamba nthawi ya mvula, njira yakumbuyo ija itadzaza madzi, amanejala kulibe, foni yawo osagwira. Amuna ake ndi anzawo anamukweza pa njinga, wina akukankha, wina atamugwira kuti asagwe. Sanafike kuchipatala. Anachirira pamphambano pomwe ndinatsikira ine, pansi pa mtengo uja, amayi ogulitsa mango atamutchingira zitenje. Mwanayo ali moyo, ndinamuona akuthamangitsa nkhuku. Iye ankanena akuseka. Ine sindinaseke.

"Koma galimotoyi inayamba yatulukapo masana, alendo akuona?"

"Kamodzi. Mlendo wina atalumidwa ndi chinkhanira. Tsiku limenelo mbalame sizinadandaule."

Achimwene, inu mukudziwa chimene chinandichotsa ku Manje kubwera kuno kwa mwana wanga wamwamuna. Nthawi ya namondwe wa Freddy ija ndinaona ndi maso anga anthu akunyamulidwa pazitseko chifukwa galimoto inalibe polowera. Ena anafika, ena anathera m'njira. Kumeneko palibe anasankha, linali phiri ndi madzi. Tsono munthu achite kusankha kukakhala kumalo kumene galimoto ilipo koma ndi yobisa? Iwe usalire, lemba. Ndi zakale izo.

Masana ndinawaitanitsa akamwini. Ine pamkeka pakhonde la mayi uja, iwo pamwala cha uko, aliyense akuyang'ana kwake.

"Bambo, ngolo yanu ija ndaiona. Ng'ombe zake zimamwa dizilo."

Anakanda m'mutu. "Amatiletsa kunena amayi. Ukanena, ntchito yatha."

"Chabwino. Mwana matenda akamuyamba mudzatani?"

"Abwana analonjeza kuti adzathandiza."

"Analonjeza atakhala pansi kapena akudutsa?"

"Akudutsa, koma ndi munthu wabwino."

"Kiyi amagona kuti?"

Anatembenukira cha kumpanda wa bango kuja. Kenako anayankhula, ndipo ndinawamvera chisoni. Anati amayi, ndatopa kukhala ndekha, kuphika ndekha, kuyankhula ndi khoma. Ntchito ino ndi yabwino, palibe kuthamangitsana ndi apolisi apamsewu, palibe kutukwanizana ndi makondakitala, msana unasiya kuwawa. Ndikufuna mwana wanga akabadwa ndimuone tsiku lomwelo. Ndinati bambo, nanenso ndikufuna mumuone, n'chifukwa chake ndikufunsa za kiyi. Inu ndinu dalaivala, laisensi muli nayo, bwanji osakusiyirani? Anati anapemphapo, anawayankha kuti iwo anawalemba ntchito ya njinga.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi mwana wanga sanamuuze. Pafoni amangomuuza za mphepo yabwino ndi chambo. Ngakhale inu achimwene, ndikhulupirira anakuuzani kuti galimoto ilipo. Sananame, ilipodi. Afunseni kuti inayamba yanyamulapo mkazi wa wantchito.

Pobwerera anandipezera mnzawo uja, bambo wina wachikulire amene si kanthu kwa ine, ndiye ndinakwera bwinobwino. Njinga ndilibe nayo mlandu. Inayenda mofewa, kamphepo kakundipita, mpaka ndinaodzera pang'ono. Alendo azikwera, mitengo isadulidwe, nsomba zigone mwamtendere, zonsezo ndavomera. Koma mwezi wake mwanayu ukugwera m'dzinja, njira yakumbuyo ija idzakhala dambo, ndipo munthu wothamanga magazi sachirira pansi pa mtengo.

Ndiye mawu anga ndi awa, mukawauze ankhoswe akuchimuna momwemo, musachotsepo. Mwana akhala kuno mpaka achire, atuluke m'chikuta, anesi anene okha kuti ali bwino. Akamwini akapeza ofu kuntchito abwere, khomo ndi lotsegula, ine ndidzasamukira kwa aneba kuti akhale momasuka. Za chitengwa tidzakambirana khanda likalimba khosi, mvula itatha, ndipo podzakambapo adzabwere ndi yankho la abwana awo lonenedwa atakhala pansi. Akakwiya akwiye, mkwiyo umatha. Mwana mwiniwakeyo ndamuuza kale dzulo, walira, lero wadzuka wadya.

Wafika pati? Tandiwerengera pomalizapo. Eya, basi, usawonjezere zako. Tumiza pompano, agogo akowo asanawaimbire akuchimuna n'kuvomera zinthu asanamve.