Suti Yanga Yobiriwira

Ndinachoka ku Magodi chaka cha chilala chija, chimanga chitapserera m'munda. Ndinauza amayi kuti ndatopa kuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Ndinakwera basi pa boma la Lundazi, ulendo wa ku Lusaka.

Ntchito ndinapeza ya ulonda pa sitolo ya zitsulo. Ine ndine wamtali, ndipo yunifolomu imene anandipatsa inali ya munthu wina amene anachotsedwa ntchito. Buluku linkalekera m'mawondo. Za salaula, zakaunjika zija, nazonso zinkandikana. Malipiro ambiri ndinkapatsira kondakitala wa basi kuti akapereke kumudzi. Mauthenga obwera sankafunsa ngati ndadya, ankangoti feteleza, mankhwala, fizi. Lamulungu ndinkangobindikira m'kachipinda kanga, kumvera wailesi ya anansi kudzera pakhoma.

Tsidya la msewu kunali telala wina wa ku Zaire. Tsiku lina anandikodola.

"Mudala, thupi yabwino so, koma uvala monga wabweleka. Bwela nikupime."

Chibadwire panalibe munthu amene anandiyezapo. Nsalu ndinasankha ndekha, yobiriwira ngati tsamba la fodya. Jekete ndinati likhale lopanda kolala, mabatani mpaka pakhosi. Anthu nthawi imeneyo ankakonda masuti a mapewa otambalala, ine ayi. Ndinadzimana nyama miyezi yambiri kuti ndilipire. Tsiku limene ndinaivala n'kuima pagalasi, ndinadziona ine Mateyo weniweni koyamba, ndipo ndinasangalala ngati mwana.

Kenaka uthenga unafika kuti mkulu wanga Yotamu ali kayakaya. Ndinanyamuka nditavala suti yanga, kuti akandione ndili munthu. Ndinapeza atatsirizika m'mawa womwewo.

A Nyirenda, mkulu wawo wa malemu bambo anga, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ankayankhula uku akusisita nsalu ya jekete ndi zala.

"Mwana wane, m'bale wako ayende na malaya yong'ambika, iwe uli pano uwala?"

"Adada, lekani nithamange ku boma, nikamugulile yatsopano."

"Nthawi ili kuti? Vula."

Ndinayang'ana amayi, amene anali atatitsatira. Iwo anayang'ana pansi. "Pasa chabe, Mateyo. Anthu azakamba."

Ndinavula. Yotamu anali wamfupi, wojintcha, choncho manja ndi miyendo ya sutiyo anazipinda, jekete n'kuling'amba kumsana ndi mpeni kuti lilowe. Ndinamulira m'bale wanga, inde, koma ndinaliranso suti yanga, ndipo ndilibe manyazi kunena zimenezi. Mpaka lero ku Magodi amati a Nyirenda anaika mwana wawo ngati bwana. Dzina langa silimvekamo. Telala uja nditabwerera ndinapeza atasamuka, ndipo wina wondisokera chimodzimodzi sindinamupezenso.

Tsiku lonyamuka kumudzi, a Nyirenda anandiperekeza mpaka pamsewu, chikwama changa chili pa njinga yawo. Mtima unayamba kufewa. Ndinati mwina mkuluyu akufuna kuthokoza pawiri, popanda anthu. Lole itatulukira, anandigwira mkono.

"Ukafika usokese ina, mtundu weneuja. Koma pamimba ikuleko pang'ono. Ine nane nakalamba, mwana wane."