Mbereko Yaifupi

Mng'ono wanga anandisiyira mwana wake wamkazi atangomuletsa kuyamwa. Anabwera naye pa kabaza kuchokera ku boda, ndi kajumbo ka zovala ziwirizitatu, nati akukaoda katundu ku Chipata, abwera Loweruka. Loweruka lakelo linatenga zaka zisanu. Ine sindinadandaule. Ukwati wanga unali utatha chifukwa sindinabale, ndipo m'nyumba munali zii, moti nthawi zina ndinkayankhula ndi makina anga osokera.

Makinawo ndi opalasa ndi mapazi, ndipo ndimasokera pakhonde mpaka lero. Ndimasoka mayunifolomu sukulu ikamatsegulira, malaya a kwaya, ndi kuika zigamba pa mathalauza a alimi amene amaganiza kuti telala ndi mfiti yoti ingadzutse nsalu yakufa. Mwanayo anakulira pansi pa makinawo. Asanadziwe kuyankhula bwino ankatola zidutswa za nsalu n'kumazisanja pamphasa, zofiira pazokha, zamaluwa pazokha. Ankanditcha amayi. Sindinamubisire kuti amene anamubala ali ku Zambia, koma iye nkhani imeneyo sankaisamala.

Nyengo iliyonse inkatipatsa chochita. Mvula ikagwa tinkaumba ng'ombe ndi timiphika tadongo. Chimanga chikabereka ankandipempha chimodzi chokhala ndi ndevu zambiri, n'kuziluka ngati tsitsi la mwana. Nthawi yosoka fodya ankakhala m'chigafa cha mchimwene wanga akutola masamba ogwa, n'kumabwera manja ali nomonomo ndi utomoni. Tikakolola tinkapanga magalasi a m'maso ndi timagalimoto ta mapesi, ndipo kukazizira mu Juni tinkalumikiza zigamba kukhala chofunda. Mu Disembala ndinkamusokera diresi la Khisimasi, losiyira mpendero waukulu kuti akamakula ndizingomasula.

Singano ndinamugwiritsa ali ndi zaka zisanu. Anadzibaya, analira, ndinamuuza kuti chala si nsalu, n'kupitiriza. Sindinali mphunzitsi wonyengerera. Msoko wokhota ndinkaumasula iye akuona, ndipo ankandiyang'ana ngati ndamuphera nkhuku. Koma pofika zaka zisanu ndi chimodzi ankatha kuika batani lomwe silikanachoka ngakhale mbuzi italitafuna. Ndinkanyada naye, ndipo kunyada kwangako sindinkakubisa.

Mayi wina woyandikana nane, amene pakamwa pake sipapuma, ndiye ankandiwawitsa mtima. Ankati akamadutsa ndi ndowa pamutu, amaima n'kutiyang'ana.

“Mukudzivutitsa, anzanga. Mwana wa mwini ndi gaga, saundika.”

“Anu obala nokha aja munawaunda n'kukhala chiyani?” ndinamuyankha tsiku lina. “Wina ali kundende, wina akusintha ndalama zabodza ku boda.”

Sanandiyankhulenso mpaka mvula itagwa. Ndinasangalala kuti ndamukhaulitsa.

Chaka chimene mwanayo anayamba sitandade wani, anati watopa ndi ana achimanga chifukwa amafota. Ankafuna chidole cha nsalu. Tinadula thupi pa bulauzi yanga yakale, maso tinaika mabatani akuda, tsitsi tinaluka ndi ulusi wa juzi yomasula. Titadzaza zidutswa m'kati anachinyamula n'kukwinya nkhope.

“Amayi, n'chopepuka. Mwana weniweni amalemera.”

Ndinasoka kathumba, tinathiramo mchenga wa kudambo, n'kukaika m'mimba mwa chidolecho. Kenako tinasoka timatewera, kachipewa, ndi kadiresi. Ndinamuonetsa momwe amaweramira poika mwana kumsana, momwe amakokera nsalu pansi pa matako a mwana, ndi momwe amamangira mfundo pachifuwa kuti isamasuke. Ankasesa pabwalo chidole chili kumsana, kutsuka mbale chili kumsana. Akamapita kusukulu ankandisiyira malangizo a kagonekedwe kake ngati ine ndine wantchito.

Mng'ono wanga anatulukira masiku ochepa Khisimasi isanafike. Anatsika pa thiraki ya mwamuna wake watsopano, dalaivala wonyamula simenti, ali ndi tsitsi logula lofika m'chiuno ndi khanda lonenepa la miyezi inayi. Chinyanja cha kutsidya chinali chitamulowa mpaka m'mano. Ndinamulandira bwino, ndinapha nkhuku. Ndinkaganiza kuti wabwera kudzadya Khisimasi ndi kudzaonetsa khandalo kwa abale.

Mwana wanga, pakuti sindidzasiya kumutcha choncho, poyamba ankabisala kumbuyo kwanga. Ine ndi amene ndinamukankha.

“Pita ukawaonetse amayi ako zomwe umatha.”

Anatulutsa zonse: ng'ombe zadongo, magalasi a mapesi, chofunda cha zigamba, kansalu komwe anaikapo mabatani. Mayi wake ankangoti ee, ee, maso ali pa foni. Kenako mwanayo anatenga chidole, n'kuwerama, n'kuchiponya kumsana, n'kumanga chitenje msangamsanga ngati mayi wa ana atatu. Anachitsitsa, anachisintha thewera, anachiberekanso, n'kuyamba kusesa. Apo mng'ono wanga anaika foni pansi. Anatambasula dzanja n'kunyamula chidolecho kuti amve kulemera kwake.

“Iwe, bwera kuno. Tayesa uyu.”

Anamuika khanda lija kumsana. Mwanayo anadzandira pang'ono, n'kulimbitsa miyendo, n'kumanga mfundo monga ndinamuphunzitsira. Anandiyang'ana akumwetulira, akudikira kuti ndimuyamikire.

“Achemwali, mwagwira ntchito,” anatero mng'ono wanga. “Manje ine nimavutika maningi pa msika. Atsikana a ntchito amaba, amathawa. Uyu ni wanga, sangathawe.”

Ndinamufunsa ngati wayenda ulendo wonsewo kudzatenga mwana kapena kudzatenga mlezi. Iye anaseka nati kodi pali kusiyana? Ndinamutukwana mawu omwe sindingawalembe pano, ndipo nkhuku ija anadya okha.

M'mawa mwake ndinapita kwa mchimwene wathu, mwini mbumba, amene mawu ake ndiwo omaliza pa za ana athu. Ndinamupeza atavala jekete yatsopano ndi nsapato zomwe dzulo lake analibe. Anatikhazika pansi tonse awiri n'kumvetsera ngati munthu wachilungamo. Ndinanena za sukulu, ndinanena za chikuku chomwe ndinamudwazika ndekha kuchipatala cha ku Boma, ndinanena kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri msana wake sunakhwime. Mng'ono wanga anati sukulu ku Zambia ziliko, ndipo n'zabwino kuposa zathu.

“Alongo, tathokoza kuti munalera,” anatero mchimwene wanga akuyang'ana nsapato zake. “Koma mwana ndi wa amene anamva ululu. Inu zimenezo simungazidziwe.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa tsiku limene mwamuna wanga anatulutsa katundu wake m'nyumba. Ndinadzuka osatsanzika. Pobwerera ndinapeza mayi woyandikana nane uja ataima pampanda akundiyang'ana. Ankangotafuna nzimbe.

Ndinkaganiza kuti nkhanza zathera pamenepo, koma mng'ono wanga anabwera pakhonde ndi chitenje chatsopano.

“Ichi chimamutalikira, amachiponda. Mungamudulire cha saizi yake? Muikeko na zingwe.”

Ndinafuna kumugenda ndi sizasi. Koma ndinaona m'maganizo mwanga mwanayo akupunthwa pa nsalu yaitali pakati pa msika, khanda likugwa pansi, ndi chomwe chingamuchitikire iye pambuyo pake. Ndinamuitana n'kumuyeza ndi tepi, pachifuwa ndi kumsana. Iye ankaseka, ankati tepi ikumugirigisha. Ndinadula mbereko yaifupi, ndinaipinda kawiri, ndinabwereza msoko uliwonse, ndipo pamapewa ndinaikapo zidutswa zofewa. Sindinasokepo chinthu mosamala chotero, ndipo sindinadanepo ndi ntchito ya manja anga ngati tsiku limenelo.

Ananyamuka Khisimasi itangodutsa. Ndinawaperekeza mpaka ku boda, pakati pa mathiraki ndi anyamata okupiza ndalama m'manja. Mwanayo anavala diresi lomwe ndinamusokera, khanda lili kumsana, chidole chili m'manja. Mayi wake anachilanda n'kundipatsira.

“Ichi chitsale. Manje ali na weniweni.”

Mwanayo sanalire pomwepo. Ankaganiza kuti akupita kokacheza. Anandiuza kuti ndizichigoneka chammbali, ndipo ndisamachisiye padzuwa.

Ndinapirira mpaka titakolola. Foni ya mng'ono wanga inkangoitana, ikayankhidwa ankati mwana watumidwa. Kutayamba kuzizira ndinasoka diresi la manja aatali. Popeza panalibe womuyeza, ndinaonjezera m'litali ndi m'chifuwa monga mwana wa msinkhu wake amakulira pa miyezi imeneyo. Ndinatenga chiphaso chodutsira pa boda, n'kukwera takisi ya ku Chipata.

Ndinawapeza pa msika, pa benchi ya zovala za kaunjika. Inali nthawi yoti ana ali m'kalasi. Mng'ono wanga anali atakhala pampando, mimba ili patsogolo, ina kale. Mwana wanga anali ataima kumbuyo kwa benchiyo akudzigwedeza kuti khanda ligone. Khandalo linali litanenepa mpaka miyendo yake inkamugunda m'mawondo. Atandiona sanathamange. Anayang'ana kaye mayi wake, kenako anabwera pang'onopang'ono n'kugwada movutikira, dzanja limodzi litachirikiza katundu wake kumbuyo.

Ndinamupempha mng'ono wanga kuti alandire khandalo kanthawi kochepa, ndimuyese mwana diresi. Analandira akung'ung'udza. Nditamuvula mbereko ndinaona pakhosi ndi paphewa pomwe zingwe zinkadutsa pali mabala, ena ouma, ena aawisi. Zidutswa zofewa zija zinali zitatha kalekale. Ngakhale atatsitsa mwana, anaimabe chowerama.

Diresi lija linangomumeza. Manja ake anabisika m'kati, mpendero unakwekwereka pafumbi. Ine amene ndimatha kuyeza munthu ndi maso okha ndinali nditaphonya, chifukwa mwanayo sanakule ngakhale pang'ono. Mng'ono wanga anaseka mpaka kuitana mnzake wa benchi ina kuti adzaone usoki wa kumudzi.

“Osadandaula, achemwali. Nizagulitsa.”

Ndinagwada n'kumugwira mwanayo m'mapewa, kupewa pamabala. Ndinamufunsa chapansipansi ngati akudya, ngati amapita kusukulu, ngati akufuna ndikalankhulenso ndi amalume ake. Iye ankangoyang'ana m'chikwama changa.

“Amayi, tepi mwabweretsa?”

“Ndabweretsa, mwanawe. Ndikuyeze, ndikachepetse diresili.”

“Ayi, musayeze ine. Muyeze uyu.” Analoza khanda lija. “Mbereko ija yamuchepera, akumaterereka. Akagwa amandimenya. Mukasoke yaikulupo.”

Ndinatulutsa tepi n'kuyeza khandalo. Mwana wanga ndi amene anandigwirira nsonga ya tepiyo kuti isasunthe.