Udzu wa Pansonga pa Denga

Nditabwerako ku nkhondo ya azungu ndinakakhala chikamwini kwa Mposa. Nyumba ndinamanga ndekha, ya zipupa zophoma ndi khonde lozungulira. Mkazi wanga Elina anamweta udzu, kufolera kunali kwa ine.

Ndinayambira m'munsi kukwera nalo denga, mzere uliwonse ndikumanga ndi luzi. Nditafika pansonga ndinayang'ana pansi, kutalika kwake n'kundiopsa, msilikali wathunthu. Udzu womalizawo ndinangouyala osamanga, n'kutsika.

"Mwamangitsa pamwambapo, akamwini?" anafunsa amalume ake a Elina.

"Kwambiri," ndinatero.

Mphepo ya mvula yoyamba inasasula nsonga yonse tili kumunda. Mbewu ya chimanga yomwe tinapachika kudenga inanyowa mpaka kuola. Amalumewo anatola udzu pabwalo n'kuuthyola. "Iyayi, uwu ndi wosakhwima. Elina, unathamangira kumweta."

Elina anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana matope.

Nyumbayo ikadalipo, mwini wake Elina ndiye anapita. Chaka chilichonse mpaka imfa yake, asanayambe kumweta, Elina ankathyola kaudzu n'kudzandipatsa kuti ndione ngati kakhwima. Ndinkakatembenuza m'manja ngati wodziwa, n'kumuuza kuti akamwete.