Woyera wa Mivi Kuseri kwa ID

Kuseri kwa ID yanga ya ulonda ndinkabisako kachithunzi ka woyera wina, msilikali wa ku Roma womangidwa pamtengo, thupi lonse mivi yokhayokha. Amayi anandipatsa ponyamuka ulendo wokagwira ntchito kunja, amvekere ameneyu ndiye amaletsa miliri. Korona inandigwirabe.

Nditatuluka ku kwarantini n'kubwerera m'chipinda chathu ku Al Mansoura, m'dziko la Aluya, mnzanga wa ku Mangochi anafufuza pafoni n'kuyamba kundiseka. "Achimwene, ophunzira akuti chodziwika ndi manda ake basi. Za mivizi anachita kulemba pambuyo."

"Werengani mumalize," ndinatero.

Anawerenga kuti miviyo sinamuphe. Mayi wina wamasiye anamudwazika, ndipo atachira sanathawe. Anabwerera kwa mfumu imene inamulasitsayo kukaidzudzula maso ndi maso, mpaka anamupha ndi zibonga.

Nthawiyo lamulo linali litangosintha, wantchito atha kusintha kampani popanda kalata ya bwana. Koma supavaiza wathu ankatiopsezabe kuti woyesa akwezedwa ndege yobwerera kwawo. Ndinamuopa zaka zinayi munthu ameneyo.

Kutacha ndinavala yunifomu n'kukaika notisi yosiya ntchito patebulo pake.

"Khalas, zatha basi, ukupita kwanu!" anakalipa.

Ndinamuyang'ana m'maso osaphethira. Mivi yake inali itatha, ine ndidakali chiimire.