Nyimbo za amake Dalitso

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chathu ku Nkomeshya, kwathu ku Chongwe, chinapserera chisanamasule. Akazi anga, amake Dalitso, ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi, mawu awo n'kumamveka mpaka kumjigo. Pokwera basi ndinawapempha chinthu chimodzi: Lamulungu lililonse azindiimbira nyimbo n'kunditumizira pafoni.

Ku Joni ndinkawotcherera mageti, n'kumagona m'kachipinda ndi anthu osadziwa n'komwe kuti Chongwe ili kuti. Ndalama ndinkatumiza, koma chimene chinkandisunga ine ndi nyimbo zija. Ndinkazimvera mpaka batire kutha, misozi ili mbwembwembwe, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Chaka chachitatu nyimbo zinayamba kufupika. Mavesi anayi anasanduka awiri, kenako kolasi yokha. Ine ndi kuuma mutu kwangaku ndinati basi, andiiwala.

"Kansi mwapeza wina woimbila?" ndinafunsa pafoni.

"Awe, atate ake Dalitso. Nalema chabe."

Kutopa! Kuuza ine wonyamula zitsulo tsiku lonse? Kumudzi ankati magazi achepa, n'kumawawiritsira masamba a kotapeya. Ine ndinatumiza ndalama ya feteleza pamodzi ndi mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati ndi ulesi.

Amene anandibweza ndi mlongo wanga Esinati. "Bwelani, akulu. Alamu sali bwino."

Ndinawapeza pakhonde, mapazi otupa, atatsamira thumba la chimanga chifukwa akagona chagada mpweya unkawathera. Dokotala ku Lusaka anati minofu ya mtima inafooka, sikupopa magazi mokwanira, ndipo kutopa kwa zaka zonse zija kunali matenda. Kumunda ndinapeza kopalira bwino. Azimayi a kwaya ankasinthana mizere, mudzi wonse ukudziwa kupatula ine.

Esinati ndiye anandimaliza. "Kakolasi kaja munali kudandaula, benze kukajambula masana yonse. Kuimba, kufufuta, kupumula, kuyambanso. Sibenze kufuna kuti mumvele mwamene bapumila."

Ku Joni sindinabwererenso. Masiku ano Lamulungu masana kwaya imabwera kudzaimbira pabwalo pathu, ndipo woyambitsa nyimbo ndine, ndi mawu anga ngati geti losathira oyilo. Amake Dalitso amamenya kugunda kwa nyimbo ndi chala pabondo.

Sabata yatha ndinafuna kuthera pa vesi lachiwiri. Anandikoka malaya.

"Yonse anayi," anatero. "Imwe mpweya muli nawo."