Anthu opanda nkhope m'chigafa

Ine sindidziwa kulemba. Akundilembera ndi mwana wanga Tiwonge, mphunzitsi. Kwathu ndi ku Nkhamanga, ndipo ntchito yanga ndi kusankha fodya ndi maso: wofiira kwake, wakuda kwake.

Zinayamba mu Epulo chaka chatha. Dzuwa lili pamutu, ndili m'chigafa, ndinaona munthu ataima pakhomo. Msinkhu unali wa malemu amuna anga, koma nkhope analibe. Pokhala maso panali utsi woyera. Ndinati, "Mwabwera kudzanditenga?" Anayankha ndi mpongozi wanga: "Amama, ndine." Pofika Juni, mpingo wonse unali wopanda nkhope. Ankaimba bwinobwino, koma ngati ali m'nkhungu ya ku Nyika. Ndinabisa miyezi inayi, poganiza kuti ndayamba kuona za kutsidya. Ndinasankhiratu ngakhale nyimbo za pamaliro anga. Zinaululika fodya wanga atabwezedwa kumsika chifukwa ndinasakaniza masamba.

Pachipatala cha kwathu anati ndi ng'ala, natitumiza ku tawuni. Tinadikira pabenchi masiku awiri, okalamba tokhatokha, aliyense akuyang'ana poti palibe kanthu. Tsiku lachitatu anandilowetsa m'chipinda chozizira, nandikhazika chibwano pachitsulo. Adokotala anati makinawo ndi "state of the art". Tiwonge anandinong'oneza kuti m'Chingerezi amatero ponena chinthu chimene chili patsogolo pa zinzake zonse, chopanda china chatsopano kuposa icho. Amatero pa foni, pa galimoto, ngakhale pa chigayo. Ine mumtima ndinati: ngati ichi n'chomaliza, chikalephera ndilowera kuti?

Kamoto kanalowa m'diso. Makinawo ankalira chapansipansi ngati njuchi m'mphako. Adokotala anati, "Agogo, mwachedwa chomene, koma diso lili moyo."

Opaleshoni anandichita ndili maso. Ndinkamva madzi ozizira, kuwala kukuvina patali, koma kupweteka ayi. M'mawa mwake anamwino anamasula bandeji. Munthu wopanda nkhope anaimanso patsogolo panga. Ndinaphethira, utsi unachoka, nkhope inabwerera: Tiwonge, ali ndi imvi zimene sindinkazidziwa. Ndinangothokoza m'Chitumbuka chakwathu, "Yewo."

Lero fodya ndikusankha ndekha, padzuwa ndimavala magalasi. Anzanga, nkhope za ana anu zikayamba kufufutika, musathamangire kusankha nyimbo monga ndinachitira ine. Pitani kuchipatala mwezi womwewo.